Nambala 9 wanga: apite ku Lusaka kapena ayambe wadikira?

Kochi wa ku Kapata, Chipata

Akuluakulu anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mnyamata wa zaka 17 amene amasewera nambala 9, kutsogolo komwetsa zigoli. Ndinamutola ali ndi zaka 12 akukankha chimpombwa kuseri kwa msika, kumapazi kulibe kanthu. Chaka chino palibe amene wamwetsa zigoli kuposa iye mu ligi yathu ya achinyamata. Loweruka lapitali kunabwera bambo wina wochokera ku Lusaka, anaonera chigawo chimodzi chokha, kenaka ulendo kwa makolo a mwanayo osandiuza. Wawauza kuti mwanayu ngoyenera ku Ulaya, angopereka K6,000 ya ma trial, pogona ndi pasipoti.

Atate ake ndi mlimi wa mtedza ndi chimanga, ali ndi ng'ombe ziwiri zolimira. Dzulo madzulo anabwera kwathu, anakhala pakhonde chipewa chili pabondo, nati, "Akochi, mwanayu mumamudziwa ndinu. Mukati apite, ng'ombe imodzi ndigulitsa." Tulo sindinatione. Mwanayu ndimamukonda ngati wobala ndekha, ndipo n'chifukwa chake maso anga sindikuwakhulupirira. Inu mumaona chiyani kuti mudziwe kuti mwana adzadyadi za mpira?

Kochi wa ku Katete

Achimwene, kuchuluka kwa zigoli kusiyeni kaye. Tiuzeni mtundu wake. Amamwetsa bwanji? Ndi mwendo uti? Nanga thupi lake likusiyana bwanji ndi la anzake?

Kochi wa ku Kapata, Chipata

Ndinene zoona. Zambiri zimabwera chimodzimodzi: wapakati aponya mpira wautali kudumphitsa otchinga kumbuyo, iye n'kuwasiya ndi liwiro, n'kuwombera ndi mwendo wamanja. Zamutu n'ziwiri zokha. Wamanzere amangoimira. Msinkhu wake waposa anzake onse, mapewa ngati munthu wamkulu.

Kochi wa ku Katete

Ndimaopa zomwezo. Mwana amene wakula msanga amanyenga maso. Akumwetsa chifukwa anzake sanakhwime, ndipo pakapita zaka ziwiri onsewo adzamupeza. Ine ndinali naye wotere, tinkamunyamula pamapewa sabata iliyonse. Atalowa timu ya akuluakulu anapeza otchinga othamanga ngati iye yemwe, amene samusiyira bwalo kumbuyo kwawo, ndipo analibe njira yachiwiri. Sindikunena kuti wanuyo ndi wotero. Ndikunena kuti zigoli za ligi ya ana sizingayankhe funso la ng'ombe.

Madala a ku Petauke, osewera wakale

Ana anga, ine ndasewera kumbuyo zaka zambiri, ndiye ndikuuzeni nambala 9 amene ankandisowetsa mtendere. Sanali wothamanga kwambiri ayi. Wothamanga ndinkangobwerera masitepe atatu, basi, ndamutha. Amene ankandivuta ndi uja ndikatembenuka kuyang'ana mpira, pobweza maso ndapeza wachoka pomwe ndinamusiya.

Akochi a ku Kapata, chitani ichi. Masewero otsatirawa mupatse wothandizira wanu udindo woyendetsa timu, inu muime patali, ndipo mpira musauyang'ane. Muyang'ane mwanayo yekha kuyambira wezulo yoyamba. Mpira usanamufike, kodi amacheuka kuona amene ali kumsana kwake? Wakumbali akamakonzekera kuponya, iye amangoima pakati kudikira, kapena amayamba ngati akupita kumtengo wakutali kenaka n'kudumphira wapafupi? Akalandira mpira atafulatira golo, munthu atamukakamira kumsana, mpirawo umakhala pamapazi kapena umathawa mita ziwiri? Nanga timu ikaluza mpira, amathamangira wotchinga kuti asauponye mwaufulu, kapena amayenda manja ali m'chiuno?

Kaonereninso zigoli zinayi zimene Patson Daka anamwetsa Spartak Moscow mu Okutobala 2021 ali ku Leicester City. Palibe chimene anachita kudutsa anthu asanu. Ntchito yaikulu anali ataigwira mpira usanafike, poyambira kuthamanga nthawi yake, osagwa mu ofusayidi. Liwiro ali nalo, inde, koma chimene chimamudyetsa ndi kudziwa nthawi yonyamukira. Chimenecho ndicho mukafufuze mwa mwana wanu.

Kochi wa ku Chadiza

Madala, ulemu wanu, koma ine ndikutsutsako. Ife a kummawa kuno timachedwetsa ana athu ndi mantha. Matimu akuluakulu ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt, kuchokera pa Chipata mpaka Lusaka ndi mtunda wopitirira makilomita 550, ndani adzawoloke mlatho wa Luangwa kudzaonera ligi ya ana? Tikamati adikire, adikire, mwana amafika zaka 22 n'kuyamba kunyamula anthu panjinga. Fashion Sakala si wa konkuno ku Chipata? Si liwiro lomwelo linamufikitsa ku Rangers ya ku Scotland? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwayi ukafika pakhomo, apite.

Madala a ku Petauke, osewera wakale

Mwananga wa ku Chadiza, mwambi wako ngwoona, ndipo sindikuti mwanayu akalambire pa Kapata. Koma tsata bwino njira ya Sakala. Anayamba wasewera ku Nchanga Rangers, kenaka Zanaco. Mu 2017 anali mu timu ya zaka zosapitirira 20 imene inatenga chikho cha Africa pa National Heroes Stadium itagonjetsa Senegal 2-0. Chaka chomwecho anapita ku timu yachiwiri ya Spartak Moscow, 2018 ku Oostende ya ku Belgium, ndipo ku Rangers anafika mu 2021 ali ndi zaka 24. Daka naye anadzera ku Kafue Celtic, Nchanga Rangers ndi Power Dynamos asanaone Salzburg. Onsewa anayamba alimbana ndi amuna a ligi ya kwathu kuno. Ndipo ngakhale wodutsa zonsezo amatha kukavutika: Emmanuel Mayuka anatenga nsapato ya golide pa chikho cha Africa cha 2012, koma ku Southampton sanakhazikike. Ndiye mwana amene sanagundanepo ndi wotchinga wa zaka 30, ukamuyesa ndi chiyani?

Amayi ophunzitsa atsikana, Lundazi

Abambo nonse mukukamba za miyendo ya mwana, ine ndikambe za bambo wa K6,000 uja. Timu yoona ikafuna mwana imalemba kalata kwa timu yake, ndipo silipiritsa makolo kuti imuone. Chachiwiri, malamulo a FIFA salola kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo akasamukira komweko pa nkhani zosakhudza mpira. Ndiye wa zaka 17 akum'pangira pasipoti kuti apite kuti? Akochi, muyimbireni bamboyo, mum'funse laisensi yake ya FIFA ya uejenti, dzina la timu imene ikuchititsa ma trial, ndi kalata ya timuyo. Mukatero mukafunse kwa akuluakulu a FAZ, bungwe loyendetsa mpira m'Zambia, a m'chigawo chathu ngati akumudziwa.

Ndikulankhula ndi mtima wopweteka. Mwana wa mchemwali wanga anatengedwa chomwechi. Amake anagulitsa matumba a chimanga amene anasunga kuti adye mpaka kukolola. Mwana anakagona masiku anayi pa siteshoni ya mabasi ku Lusaka, foni ya munthuyo yazima, ndipo tinachita kusonkherana ya basi yobwerera. Chiyambire pomwepo mpira sanaukankhenso, manyazi.

Chinanso, mwana wanuyo munamulembetsa ku FAZ m'dzina la timu yanu? Ngati ayi, chitani sabata ino. Wosewera akadzagulitsidwa kunja, matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 amakhala ndi gawo lawo, ndipo pa ndalama yogulitsira pamachotsedwa 5 peresenti yogawana matimu amene anamuphunzitsa pakati pa zaka 12 ndi 23. Koma amatsata zolembedwa, satsata kuti ndani ankamugulira mabuti. Muonetsetsenso kuti tsiku lobadwa pa chitupa cha NRC ndi la kusukulu zikugwirizana, ndipo wina asakunyengeni kuti mum'chotsere zaka.

Woyimbira mpira wa ku Sinda

Ine ndiwonjezere chimodzi chimene timaona ife a wezulo. Muoneni akaphonya chigoli chapoyera, kapena akamupweteka ine osaimba. Ena amatha mphindi khumi akundilondola ndi pakamwa, masewero awathera pomwepo. Ena amadzuka, kudzikuntha fumbi, n'kupempha mpira wotsatira. Nambala 9 amaphonya kambiri kuposa kumwetsa, ndiye mtima umenewo ndi chida chake.

Mphunzitsi wa zamasewero, Nyimba

Musaiwale kupita naye kuchipatala akamupime mtima. Enock Mwepu anasiya mpira mu 2022 ali ndi zaka 24, ali ku Brighton, chifukwa cha vuto la mtima lobadwa nalo. Kupima sikupeza zonse, komabe n'kwabwino kuyamba. Ali giredi chani?

Kochi wa ku Kapata, Chipata

Ali Giredi 11, aphunzitsi. Zikomo nonse. Ndalankhula ndi mnzanga amene amaphunzitsa timu ya akuluakulu ya ligi ya m'chigawo. Ali ndi masewero apaubale Lamlungu likubwerali ndipo wavomera kumuika mphindi zonse 90. Atate ake ndawapempha kuti ng'ombe ibakhala m'khola milungu iwiri. Ndidzabwera ndi zimene ndaona.

Kochi wa ku Kapata, Chipata

Ndabwerako, akuluakulu. Ndinachita monga ananenera madala a ku Petauke, ndinakhala ndekha kuseri kwa golo ndi kope.

Chigawo choyamba chinali chowawa kuonera. Anam'patsa wotchinga wina wamfupi, wadazi, wa zaka za m'ma 30, wosathamanga n'komwe. Mwana wanga anagwa mu ofusayidi katatu, chifukwa mkuluyo ankangosuntha sitepe imodzi kutsogolo nthawi imene mpira ukuponyedwa. Akabwerera kudzalandira pamapazi, mkuluyo ankam'gunda pang'ono kumsana mpira uli m'njira, mpira n'kudumpha. Ndinawerenga: analandira kasanu ndi kawiri atafulatira golo, anasunga kawiri kokha. Kucheuka sankacheuka konse. Mtima wanga unagwa, ndinayamba kale kuganiza mawu okawauza atate ake.

Popuma ndinangomuuza chinthu chimodzi: "Usanapemphe mpira, yamba wamuona mdalayo ali pati." Sindinawonjezere.

Chigawo chachiwiri ndinaona mutu wake ukuyamba kutembenuka. Poyamba ankachedwa, kenaka anazolowera. Cha m'ma mphindi 60 anabwerera ngati akufuna mpira pamapazi, mdala uja anamutsatira, iye anaugunda kamodzi kubwezera wapakati n'kutembenukira kumsana kwa mdalayo. Mpira unamupeza ali yekha, koma unagwera kumanzere, ndipo pofuna kuusamutsira kumanja goloboyi anali atafika. Sanamwetse. Sanagwire mutu, sanakalipire munthu, anathamanga kukatchinga goloboyi kuti asauponye msanga. Anachitanso kathamangidwe komweko kawiri masewero asanathe.

Chimene chandikhudza kwambiri chinachitika wezulo yomaliza italira. Anzake akuthamangira madzi, iye anapita kwa mdala wadazi uja, anagwira dzanja lake ndi manja awiri, n'kumufunsa kuti ankadziwa bwanji kumene athamangire. Mkuluyo anakhala pansi akumasula zingwe za mabuti, namuuza kuti asananyamuke amayamba waweramitsa phewa la mbali imene akupita. Ine zaka zisanu ndili naye, chimenecho sindinachionepo.

Za bambo wa ku Lusaka: nditam'funsa laisensi ndi kalata, anati atumiza madzulo. M'mawa mwake anayimbira atate a mwanayo kuti watsitsa, apereke K3,000 yokha koma lero lomwe. Kalata mpaka pano sinafike.

Madala a ku Petauke, osewera wakale

Mwawauza chiyani atate ake?

Kochi wa ku Kapata, Chipata

Ndawauza kuti ng'ombe isagulitsidwe. Ndawauzanso mosabisa kuti lero mwana wawo sangasewere Super League, ligi yaikulu ya dziko lino, mwendo wamanzere kulibe ndipo mpira sukhala pamapazi akapanikizidwa. Koma ndawauza kuti ndaona mwana amene ukamuuza chinthu kamodzi amachisintha masewero omwewo ali mkati, ndipo pa ana onse amene ndaphunzitsa, otero ndi ochepa kwambiri. Kuti adzafika pati sindinawalonjeze.

Tagwirizana kuti azichita masewero olimbitsa thupi ndi timu ya akuluakulu ija kawiri pasabata, ndipo nyengo ikubwerayi alembetsedwe kumeneko. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu, mphindi makumi awiri pakhoma la kalasi ndi mwendo wamanzere wokha. Kuchipatala tipita Lachinayi.

Kochi wa ku Chadiza

Za bambo uja ndavomera, amayi a ku Lundazi ananena zoona. Koma achimwene, ikani tsiku. Akangolemba mayeso a Giredi 12 chaka chamawa, mwanayu akaonedwe ndi timu ya National Division One kapena Super League, wamanzere wapsa kapena sunapse. Musamusunge chifukwa akukumwetserani zigoli.

Madala a ku Petauke, osewera wakale

Pamenepo ndili nawe. Ndili ndi mnzanga amene tinkasewera limodzi, pano amathandiza kuphunzitsa achinyamata ku Copperbelt. Sangabwere kuno chifukwa cha mawu anga okha, adzafuna kuona. Akochi, yambani kujambula masewero ake athunthu, osati zigoli zokha zodulidwadulidwa. Wojambula aime pamalo okwera kuti kathamangidwe kake kazioneka ngakhale mpira uli kutali.

Kochi wa ku Kapata, Chipata

Ndamva, madala. Timu ya akuluakulu ija ikusewera pa David Kaunda Stadium Lamlungu la mawa lino, ndipo akuti amulowetsa chigawo chachiwiri. Foni yanga imadzaza pakangotha mphindi khumi. Alipo pafupi amene angandibwereke yabwinoko?

Woyimbira mpira wa ku Sinda

Lamlungu limenelo ndilibe masewero. Ndibwera nayo yanga pamodzi ndi choimikira chake, mundisungire malo pamwamba.