Tayala lakumbuyo likungophwa, ndithandizeni

Abale anga apanjinga, ndigawireniko nzeru. Ndimapalasa kuchoka ku Chinsapo kupita kuntchito ku Kanengo, koma tayala lakumbuyo likungophwa. Chondizunguza mutu n'chakuti chubu chimabooka mbali yoyang'ana ku limu, osati kumene tayala limaponda msewu. Ndapapasa ndi chala m'kati mwa tayala monse, mulibe munga kapena kagalasi. Wokonza njinga wina akuti ndi mitu ya masipoko, winanso akuti ndimapopa mpweya wochepa, ndiye chubu chimapanika ndikagwera m'dzenje. Pano chadzaza zigamba, zina zimamatuka dzuwa likaswa masana.

Kodi kudula chubu chakale n'kuchiyala pa limu kumathandizadi? Nanga inu mumayenda ndi zida ziti, kupatula pampu?