Makalata a agogo ochokera ku nkhondo ya Burma: ndiwawerengere amalume onse kapena ndibise imodzi?

A admin ndibiseni dzina, pagulu pano pali abale anga.

Mwezi watha timasasula denga la nyumba ya malemu agogo aakazi kwathu ku Ntcheu. Pansi pa bedi panali thiranki yachitsulo ija tinkangoiona tili ana, yoti palibe ankaigwira. Titathyola loko tinapezamo zitenje zodyedwa ndi chiswe, Baibulo lakale, mamendulo awiri ndi mpukutu wa makalata womanga ndi luzi. Alipo 17. Ndi a agogo aamuna, bambo awo a amayi anga, omwe anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija. Oyamba ndi a 1942 ali ku Zomba akuphunzira usilikali, omaliza ndi a 1945.

Ambiri ndi okoma, ena ndinachita kuseka ndekha usiku. Ku Zomba akudandaula kuti nsapato zawatupitsa mapazi, akuti sajeni amakalipa ngati walumidwa ndi mavu. Ina akufunsa ngati nkhokwe inafoleredwa, mbuzi yakuda ija inaswa, komanso ngati ndalama zikufika kwa a DC. Ina akuti akwera sitima ya pamadzi masiku ambiri osaona mtunda, anzawo akusanza, ndipo kumene afika anthu ake amadya mpunga m'mawa, masana ndi usiku, nsima osaidziwa. Dzina la malowo linadulidwa, pepala lili ndi kazenera.

Koma pali imodzi ya 1944 yomwe sanalembere agogo aakazi, analembera achimwene awo. M'menemo akuti amva kwa munthu wina wa kwathu kuti mkazi wawo ali ndi pakati, chonsecho iwo anachoka kalekale. Akuti akauze ankhoswe, ndipo ndalama zisamapitenso kwa mkaziyo koma kwa amayi awo. Mawu enawo sindingawalembe pano.

Mwana woyamba wa agogo ndi amalume anga, chitupa chawo chimati anabadwa 1944. Ali moyo, maso ndi omwe anafooka. Amva kuti makalata apezeka ndiye akungoimba foni kuti mphwanga bwera Loweruka udzandiwerengere mawu a bambo anga. Munthuyu chithunzi cha agogo atavala yunifolomu chili pabalaza pake. Nditani abale? Ndipo mapepalawa akuthetheka m'mopinda, ndimate ndi selotepi?

Ndemanga

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza:
Mwanawe, selotepi ayi. Pakapita zaka imasanduka yachikasu n'kudya inki. Kokamatitsa pulasitiki ngati satifiketi kuja usapitenso, kutentha kwake kumaononga ndipo sungadzachotsenso. Ajambule onse ndi foni masana pamthunzi, kutsogolo ndi kumbuyo, maenvelopu omwe. Kenako uwayale osapinda, lililonse pakati pa mapepala oyera, m'katoni pouma. M'jumbo amachita nkhungu. Za amalumezo ndiyankha ndikaganiza.

Mayi wa ana atatu, Area 25:
Kalatayo otchani basi. Munthu wa zaka zopitirira 80 mukufuna mumuphe ndi BP? Eniake onse anapita, mlanduwo aweruza ndani?

Wa ku Chinamwali:
Kuotcha ndiye ayi mayi. Izi si za banja lokha. Makalata olembedwa ndi asilikali akuda a nthawi imeneyo ndi osowa, zambiri zomwe timawerenga analemba azungu omwe ankawalamulira. Achemwali, mukadzabwera ku Zomba mudzafike ku National Archives muwaonetse, akuuzani kasungidwe kake. Mudzaonenso chipilala cha KAR chili pafupi ndi Cobbe Barracks.

Mwana wa msilikali:
Ine bambo anga anapuma usilikali, nkhani za KAR ndinakula nazo. Ndikuthandizeni kulondola ulendo wa agogo anuwo. Kazenera mukunenako ndi ntchito ya ofisala yemwe ankawerenga kalata iliyonse isanatumizidwe, akapeza dzina la malo kapena la sitima amadula kapena kudetsa. Dziko la mpungalo ndikuganiza ndi Ceylon, lomwe pano ndi Sri Lanka. Asilikali a 11th East African Division, momwe munali a Nyasaland ambiri, anapita kumeneko mu 1943 kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 analowa Burma, anatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yoopsa, matope ndi malungo zikugwetsa anthu, mpaka anafika pa mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chakacho. Atatero anabwerera ku India kukapuma. Ndiye makalata a 1945 mwina achokera ku India. Taonani mamendulowo, ngati ina ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi yolembedwa The Burma Star ndiye kuti anafikadi. Nambala yawo ya usilikali ikhala pakeyala yomwe ankalemba pamwamba, a kuno zambiri zimayamba ndi DN.

Mwini funso:
Eee ilipo nyenyeziyo, ndipo DN ndaiona. Thupi langa lachita tsembwe. Koma Chichewa chake chikundivuta, analemba "cimanga", "nchito", "ciri conse".

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza:
Ndi kalembedwe kakale ako, nthawi imeneyo chinkatchedwa Chinyanja, dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa 1968. Pomwe pali c werenga ch, anzathu a ku Zambia mpaka lero amalemba choncho. Tsono ndaganiza. Tayang'ana bwino, kodi dzanja ndi limodzi m'makalata onsewo? Asilikali ambiri sankadziwa kulemba, ankapempha mnzawo wa ku mishoni kuti awalembere, kumudzinso kalata ikafika ankaitana mphunzitsi kapena mwana wa sukulu kuti awerenge pagulu. Ndiye chinsinsi panalibe. Chomwe iwe ukuchiona ngati bomba lero, mudzi wonse unachimva 1944 yomweyo.

Mnyamata wa pa Joni:
Koma nkhani iyi yandilasa. Ife kuno foni tili nayo m'thumba koma munthu amangokutumizira voice note kuti mkazi wako tamuona pa Tsangano ndi uje, iwe tulo osabwera sabata yonse. Nanga munthu ali m'nkhalango, kalata imatenga miyezi, mawa sakudziwa ngati adzuka? Analemba ndi mkwiyo agogowo. Mwina wonenayo ankangofuna ndalama zija zitembenukire kwawo.

Namwino wina:
Musadalirenso chaka cha pachitupa. Anthu a msinkhu umenewo ambiri zaka anachita kuwayerekezera polembetsa. Komanso asilikali ena ankapatsidwa tchuthi asanawoloke nyanja. Werengani a 1943 muone ngati sakutchula zobwera kumudzi.

Wosapsatira:
Inu mukungozungulira. Munthu ali ndi ufulu wodziwa bambo ake. Mukabisa, tsiku lina mdzukulu wina adzaipeza n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la banja pa nthawi ya mkangano wa munda. Bola amve kwa munthu womukonda.

Mayi wa ana atatu, Area 25:
Adziwe kuti atani nazo pa msinkhu umenewo? Ndiponso kwa ife mwana ndi wa kwa mayi, munda sungagwedezeke ndi kalata.

Gogo wa ku Bawi:
Ndalembetsa mdzukulu wanga, ine foni zanuzi sindizitha. Mwana wanga, funso langa ndi limodzi. Kalatayo analembera achimwene awo. Nanga inapezeka bwanji m'thiranki ya mkazi? Ndiye kuti achimwenewo anapita nayo kwa ankhoswe, nkhani inakambidwa pabwalo, ndipo kalata inatsala m'manja mwa mayiyo. Akanafuna akanaisonkhezera pamoto tsiku lomwelo. Anaimanga pamodzi ndi enawo. Mwamuna anabwera ku nkhondo, analowa m'nyumba yomweyo, anabereka amayi ako, mwanayo anamulera. Usathamangire kwa amalume ako. Yamba wapeza munthu wamkulu wa kuchimuna amene watsala, umufunse mwaulemu kuti kodi agogo atabwera ku nkhondo kunali nkhani yanji. Udzadabwa, mwina amalume akowo anaimva ali mnyamata kudambwe.

Wosapsatira:
Agogo, kusunga si umboni. Mwina samadziwa kuwerenga, anangomanga zonse pamodzi.

Gogo wa ku Bawi:
Kalata yoti inakuitanitsa kwa ankhoswe sungaiiwale maonekedwe ake, ngakhale usadziwe a.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse. Usiku ndinawayala pamphasa motsatira zaka n'kuyang'ana dzanja monga munanenera aphunzitsi. Manja alipo atatu osiyana, ndipo dzanja la kalata yovutayo silikupezekanso pena. Za tchuthi sindinapeze, a 1943 alipo awiri okha ndipo ina chiswe chinadya theka. Koma yomaliza ya 1945, yopita kwa agogo aakazi, kumapeto kwake pambuyo pa moni wa anthu onse a m'mudzi pali mzere woti "mwanayo ayamba kuyenda kodi". Dzina sanamutchule, sanatinso mwana wanga. Ndaubwereza kaya kangati.

Kuchimuna kwatsala azakhali amodzi ku Balaka, mwana wa achimwene aja. Ndawaimbira, akuti ndipite Lachisanu koma nkhani za pafoni ayi, ndipo ndisaiwale shuga. Amalume ndawauza kuti Loweruka ndibwera ndi makalata a ku Zomba kaye chifukwa enawo sindinamalize kujambula. Ayankha kuti ndiyambire ya nsapato ija, akuti bambo awo mpaka kumwalira ankapita kumunda opanda nsapato.