Buku lachiwiri la Tambu: tigule kapena tingobwerekana?

Nachisale: Abale, msuweni wanga akuchoka ku Joni kumapeto kwa mwezi uno, ndiye wandifunsa choti andigulire. Ine mtima uli pa The Book of Not la Tsitsi Dangarembga, lopitiriza nkhani ya Tambu, mtsikana wa ku Zimbabwe, ya mu Nervous Conditions imene tinawerenga limodzi ija. Koma mtengo umene wandiuza, nditauwerengera m'makwacha, mutu wayamba kuwawa. Amene munaliwerenga tandiuzani chilungamo. Ndi loyenera ndalama zimenezo, kapena ndimuuze andigulire nsapato?

Bambo a Tadala: Nsapato, achemwali. Musachedwe n'komwe.

Nachisale: Hahaha! Tafotokozani bwino bambo, musandiphere chilakolako ndi mawu awiri okha.

Bambo a Tadala: Chabwino. Loyamba lija linatuluka mu 1988, lachiwirili mu 2006. Zaka 18 anthu akudikira kuti amve kuti Tambu zinamuthera bwanji atapita ku sukulu ya masisitere ya Sacred Heart, kuti Nyasha, mwana wa Babamukuru (bambo aakulu a Tambu), anachira kapena ayi, kuti Maiguru, amayi a Nyasha, anapitiriza kupirira kapena anatopa. Ine chimene ndinakondera loyamba ndi banja. Mukukumbukira bwalo lija lokamba za mimba ya Lucia, mayi aang'ono a Tambu, iye n'kulowa osaitanidwa n'kumugwira khutu Takesure, mwini mimbayo, pamaso pa amuna onse? Nanga Maiguru, mayi wa digiri yachiwiri, malipiro ake osawaona, Khirisimasi ikakwana n'kumaphikira mudzi wonse wa kwa amuna ake? Nanga ukwati wa kutchalitchi umene Babamukuru anakakamiza makolo a Tambu atakalamba kale, Tambu n'kukana kupitako, n'kulandira zikoti 15? Zimenezo tonse timazidziwa, aliyense ali ndi Babamukuru wake kwawo. Ndiye mutsegule lachiwirili. Banja lija lili kutali. Masamba ambiri muli ku sukulu ya masisitere, Tambu akuwerengera mamalikisi ake, akudandaula kuti azungu amuona bwanji. Nyasha akangotulukira pang'ono, ndi wofooka, moto uja unazima. Ndinalimaliza chifukwa ndinali nditalipira kale.

Mayi Nabanda: Ine ndikutsutsani, bambo a Tadala, ngakhale zimene mwanenazo si zabodza. Banja simukuliona chifukwa nkhondo yaliphwanya, ndipo wolemba akukuonetsani zimenezo pa tsamba loyamba lenileni. Anthu a m'mudzi aitanidwa ku msonkhano wausiku wa asilikali omenyera ufulu. Babamukuru akumenyedwa pagulu, mlandu wake ndi woti ndi wogulitsa anzake, ndipo umboni wake ndi womwewo woti anatumiza Tambu ku sukulu ya azungu. Usiku womwewo Netsai, mng'ono wake wa Tambu, akuponda bomba lokwirira, mwendo n'kuduka. Tambu akuona zonsezi ndi maso ake. Kenako akubwerera ku sukulu kumene sangauze munthu aliyense. Ndiye inu mukufuna abwererenso pa bwalo la Lucia azikaseka?

Nachisale: Mayo ine! Mayi Nabanda, mwandiululira kale!

Mayi Nabanda: Pepani mwanawe, koma zimenezo ndi za m'mutu woyamba. Ngakhale mutangolivundukula m'shopu mungazione.

Kondwani wa ku Joni: Ine ndili nalo pa foni, PDF. Amene akufuna anene ndimuponyere, nkhani ya ndalama ithe.

Aphunzitsi Mbewe: Iyayi Kondwani, muno tinagwirizana kale za zimenezo. Wolembayu ali moyo, amadya za ntchito yake. Tikabwerekana buku logula palibe mlandu, koma zomwaza mafailo ayi.

Kondwani wa ku Joni: Ndamva aphunzitsi, ndabweza mawu.

Aphunzitsi Mbewe: Tsono pa funso lanu, a Nachisale. Ine ndakhala m'kalasi moyo wanga wonse, ndiye mwina n'chifukwa chake bukuli linandigwira pamene a bambo a Tadala linawatopetsa. Taonani mmene sukulu ija ikumudyera mwana pang'onopang'ono. Atsikana achikuda ndi ochepa, onse aunjikidwa m'chipinda chimodzi chogona, posayang'ana kuti wina ndi wa fomu yanji. Chimbudzi cha azungu saloledwa, ndipo tsiku limene Tambu wapanikizika n'kulowamo ukusanduka mlandu. Iye m'malo mokwiya akuganiza kuti vuto ndi iyeyo, akalimbikira adzamuona. Akufika mpaka podzipereka kuluka zovala za ubweya za asilikali a boma la Rhodesia (Zimbabwe ya nthawi imeneyo), omwewo amene akumenyana ndi gulu la mng'ono wake kutchire. Pamenepo ndinaika buku pansi kaye.

Ndiye mayeso a O-Level akubwera, Tambu akhoza kuposa wina aliyense pasukulupo. Chikho chikupita kwa Tracey Stevenson, mtsikana wachizungu, ati poti iyeyo amachitanso bwino pa zamasewera. Mnzake Ntombi akumuuza kuti tiye tikafunse, iye akukana. Ku A-Level akusankha sayansi, koma maphunziro a sayansi akuchitikira ku sukulu ya boma ya anyamata ku Umtali, kumene lamulo la tsankho silimulola kulowa. Anzake akukwera basi kupita m'kalasi, iye akutsala n'kumakopera manotsi awo. Zotsatira zake mungaziganize nokha. Palibe mphunzitsi amene akumumenya, palibe amene akumutukwana kwambiri, koma mwana wanzeru uja amene analima chimanga chake kuti apeze fizi akutha ngati sopo wosiyidwa m'madzi. Kulemba zimenezo n'kovuta kuposa kulemba ndewu ya pabanja.

Bambo a Tadala: Kovuta kulemba, kovutanso kuwerenga, aphunzitsi. Inu mwafotokoza m'ndime ziwiri zimene wolemba wazikoka masamba ochuluka. Nkhani ya umunthu ija akuibwereza mpaka munthu kuyamba kusinza. Tambu akudzifunsa, ndili ndi umunthu kodi, ndawonjezera umunthu kodi, ngati akuwerengera mamalikisi a masamu.

Aphunzitsi Mbewe: Ndiye pamenepo mwagwira mfundo yake osadziwa. Akuuwerengeradi ngati mamalikisi, chifukwa sukulu yamuphunzitsa kuti chilichonse ndi mpikisano. Umunthu umafuna kuti winayo akubwezere, ndili bwino mukakhala bwino inunso. Nanga ukakhala pakati pa anthu amene sakukuwerengera ngati munthu, ubwezeredwa ndi ndani?

Nangozo: Ine ndinakulira ku Mutare, bambo anga anapita kukagwira ntchito kumeneko nthawi ya Federation ngati Amalawi ambiri a nthawi imeneyo. Umtali wa m'bukumo ndi Mutare yemweyo, ali pamalire penipeni ndi Mozambique, kumene asilikali omenyera ufulu a ZANLA ankalowera. Ndiye mantha amene ali m'bukumo, anthu kumvetsera phokoso la kumapiri usiku, kusadziwa kuti mnzako ali mbali iti, akuluakulu athu ankawakamba. Mabuku ambiri a nkhondo imeneyo amakamba za amene anagwira mfuti. Ili likukamba za mwana amene sanagwire mfuti, sanakhalenso mzungu, wangotsala pakati, mbali zonse zikumukayikira. Kwa ine ndi lofunika kukhala nalo m'nyumba. Koma ndivomereze, mlamu wanga amene sadziwa mbiri ya kumeneko analisiyira pakati.

Nachisale: Ine mbiri ya Zimbabwe ndimaidziwa mwapatalipatali, kuti ufulu unabwera mu 1980 basi. Ndisochera?

Nangozo: Simusochera, achemwali. Chimene chingakuvuteni si mbiri, ndi Tambu mwini wakeyo. M'buku loyamba timamuchemerera. Muno nthawi zina umafuna kumugwedeza kuti dzuka iwe.

Mayi Nabanda: Eetu. Ndipo ndikuona kuti anthu ambiri amene amati bukuli ndi loipa, kwenikweni akwiyira Tambu. Mapeto a loyamba aja anatilonjeza. Tambu wamkulu amene akusimba nkhaniyo akumveka ngati munthu amene maso anatseguka, amene anathawa msampha. Ndiye kwa zaka 18 owerenga anamumangira tsogolo m'mitu mwawo, wina anamupanga dokotala, wina loya. Wolemba n'kubwera kudzanena kuti ayi, sizinayende choncho. Ufulu wabwera, mbendera yasintha, koma Tambu ali ku Harare pa kampani yotsatsa malonda, akulemba mawu okoma, mzungu mnzake wa pantchito n'kutenga ntchitoyo ngati yake, n'kutamandidwa nayo. Bwana wake ndi ndani? Tracey yemwe uja wa chikho. Ku hositelo kumene akukhala, mayi woyang'anira sakumudziwa n'dzina lomwe, akumuitana dzina la mtsikana wina wachikuda. Ndani muno amene sanaonepo ntchito yake ikuyamikiridwa pa dzina la wina?

Nachisale: Mayi Nabanda, inu ndiye mundimalizira buku lonse lero!

Mayi Nabanda: Ndatseka pakamwa. Za Babamukuru pa tsiku la ufulu sindinena.

Bambo a Tadala: Musanene, chifukwa ndi malo amodzi mwa ochepa amene ndinadzidzimuka. Komabe funso la achemwaliwa ndi la ndalama, si la mayeso a literature. Masiku ano ndi mmene forex ikuvutiramu, buku lochokera kunja si chinthu chogula mwamasewera. Munthu ukagula umafuna loti udzaliwerenganso. Loyamba lija langa linachita kuthothoka chikuto chifukwa chobwereza ndi kubwereketsa. Lachiwirili lili pashelefu ngati latsopano, palibe analipempha kawiri.

Kondwani wa ku Joni: Nanga bwanji osangodumpha, n'kugula lachitatu? This Mournable Body ndi limene linatchuka, linafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Booker mu 2020. Kuno m'mashopu ndi limene ndimaliona kawirikawiri.

Aphunzitsi Mbewe: Ambiri anachitadi zimenezo, makamaka chifukwa lachiwirili linatuluka ku kampani yaing'ono ya ku Britain, Ayebia Clarke, ndipo silinkapezeka wamba. Ena sankadziwa n'komwe kuti lilipo mpaka lachitatu litatuluka mu 2018. Kuwerengeka limawerengeka palokha. Koma mukadumpha, mudzakumana ndi Tambu wa zaka za m'ma 1990 ali wowawidwa mtima, wopanda ntchito, wochitira nsanje aliyense, wochita zinthu zina zoti simungamukhululukire msanga, ndipo mudzafunsa kuti kamtsikana kogulitsa chimanga ku Umtali kaja kasanduka chonchi bwanji. Yankho lili m'buku lapakatili. Tracey akabweranso ndi bizinesi yake yoonetsa alendo midzi, amene sanawerenge za chikho chija sangamve kulemera kwake.

Bambo a Tadala: Lachitatulo ndiye lina, lolembedwa mwa "iwe" kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Iwe wadzuka, iwe wapita, iwe wachita. Ndinkangoti ine ndachita chiyani? Koma chilungamo, limenelo ndinalikonda kuposa lachiwiri. Banja likubwereramo. Nyasha ali ndi mwamuna wake wa ku Germany ndi ana, Lucia wabwerako ku nkhondo ndipo akadali Lucia yemwe uja.

Nangozo: Mwaona, ndiye kuti kudikira kwanu kunapindula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bambo a Tadala: Nkhono yake ya zaka 30, mayi. 1988 mpaka 2018. Ena anamwalira asanaone masowo.

Mayi Nabanda: Hahaha! Koma musaiwale kuti Dangarembga sanangokhala manja lende m'zaka zimenezo. Anapita ku Berlin kukaphunzira za mafilimu. Nkhani ya filimu ya Neria, imene ambiri a ife tinaonera pa vidiyo, ya mayi wamasiye wolandidwa katundu ndi achibale a mwamuna wake, anailemba ndi iyeyo. Ndiye amene akufuna nkhani za pabanja zokhazokha asaganize kuti analephera kuzilemba. Anasankha dala kupita kwina.

Nachisale: Zoona? Neria ndi yemweyu? Amayi anga amalira nayo filimu imeneyo mpaka lero.

Aphunzitsi Mbewe: Yemweyo. Tsono ine maganizo anga ndi awa. Ngati mukufuna kukasekanso ndi Lucia ndi kukwiyira Babamukuru, musagule, mudzanong'oneza bondo ngati bambo a Tadala. Ngati mwatsimikiza kuyenda ndi Tambu mpaka buku lachitatu, ili simungalilumphe. Koma si buku loti aliyense muno akhale ndi lakelake.

Kondwani wa ku Joni: Ndiye bwanji bambo a Tadala angobwereketsa lawolo, poti akuti likungodya fumbi? A Nachisale ndalama zawo agulire lachitatu, basi gulu likhala ndi onse atatu.

Bambo a Tadala: Iwe Kondwani, ndani wakupatsa udindo wogawa katundu wanga? Komabe ndilibe nalo vuto. Kungoti ine ndili ku Zomba, achemwaliwa ali ku Lilongwe, ndipo buku langa lomaliza limene ndinabwereketsa muno silinabwerere mpaka pano. Mwini wake akudzidziwa, akuwerenga mwakachetechete.

Mayi Nabanda: Si ine. Koma Loweruka likubwerali ndikupita ku Zomba ku chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga, ndikhoza kulitenga. Ndidzasainira ngati kuli kofunika.

Bambo a Tadala: Mudzasainiradi, ndi tsiku lobweza lomwe.

Nangozo: Ine ndikuti mugulebe lanu, a Nachisale. Lobwereka mumaliwerenga mothamanga, ndipo ili silifuna kuthamangira. Pali malo oti muzilemba ndi pensulo m'mphepete.

Nachisale: Mwandisokoneza kuposa mmene ndinabwerera! Chabwino, ndichita chonchi. Mayi Nabanda anditengere la bambo a Tadala Loweruka, ndiwerenge mitu itatu yoyamba msuweni wanga asananyamuke. Likandigwira ndimuuza agule onse awiri, ndalama yotsalayo ndidzamubwezera pang'onopang'ono. Likandikanika agule lachitatu lokha. Koma chonde, wina asanenenso za Babamukuru mpaka ndifike pamenepo ndekha.

Kondwani wa ku Joni: Muwauze asuweni anuwo ayang'anenso m'mashopu a mabuku akale asanapite ku mall, nthawi zina amapezeka motsika mtengo. Akasowa kolowera andiimbire, ndiwaperekeza Loweruka masana ndikaweruka.