Ndithandizeni pa msonkho wa galimoto yochokera ku Japan

Wofunsa: Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndimakhala pa Chitakale ku Mulanje, ndipo ndaitanitsa Toyota Sienta ku Japan kuti ndizinyamula anthu pakati pa Limbe ndi Muloza. Ndalama zake ndi za penshoni yanga ya ku esiteti ya tiyi, ndipo alamu anga amene ndinawakongoza za feteleza chaka chatha sakuyankhanso foni. Galimotoyo yafika ku Dar es Salaam, koma ejenti wanditumizira pepala la msonkho woposa mtengo umene ndinagulira. Tulo sindikutiona. Kodi zimenezi zimachitika?

Wamalonda wa ku Limbe: Achimwene, munalakwitsa poyamba pomwe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wanzeru anasiya kuitanitsa kunja, chifukwa msonkho amauwerengera pa mtengo wa m'madola atausandutsa makwacha. Mukanagula yoyendayenda konkuno.

Mayi wa ku Luchenza: Ine yanga inakhala masabata atatu pa Songwe, pa malire ndi Tanzania, ndipo pofika kuno batire ndi jeke munalibe. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Wamalonda wa ku Limbe: Mayi, nkhani ya jeke ikubwera bwanji pano? Vuto ndi kwacha.

Dalaivala wa ku Thyolo: Bambo, simunatiuze chaka chimene galimotoyo inapangidwa ndi kukula kwa injini, pomwe a MRA, bungwe lotolera msonkho, amayang'ana zomwezo. Pali misonkho itatu, dyute, excise ndi VAT, ndipo galimoto ikakhala yakale kapena ya injini yaikulu, excise imakwera.

Mkulu wa ku Muloza: Nanga bwanji simunadzere ku Beira, kuti ilowere pa Milange pafupi ndi kwanu? Anthu afe timakonda njira yaitali.

Wamalonda wa ku Limbe: Doko silichotsa msonkho, akulu. Ndakhala pa bizinesi imeneyi zaka zambiri, ndipo ndikubwereza kuti nthawi yoitanitsa inatha.

Mlongo wa ku Bvumbwe: Uzani ejentiyo alembe padera za boma ndi za ntchito yake, ndipo mukafunse nokha ku Msonkho House, likulu la MRA ku Blantyre, musanalipire. Musungenso ndalama ya COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi inshuwaransi ya galimoto yonyamula anthu.

Wofunsa: Zikomo nonse. Alamu anga aja ayankha tsopano, akuti abweza akagulitsa nandolo. Kodi galimotoyo ingadikire padoko kufikira nthawi imeneyo?

Dalaivala wa ku Thyolo: Ikakhalitsa padoko mudzalipira ya malo tsiku lililonse. Chonde bambo, tiuzeni chaka ndi injini.