Dzombe la mu Things Fall Apart: ophunzira tiwatsogolere bwanji?

Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. M'mutu 7 wa buku la Chinua Achebe limeneli, la mu 1958, dzombe limagwa ku Umuofia, kwawo kwa Okonkwo (mtengambali wamkulu wa nkhaniyi), anthu n'kulitola mokondwa, kulikazinga m'miphika, kuliyanika padzuwa. M'mutu 15, Obierika, mnzake wa Okonkwo, amafotokoza kuti ula wa kudera lina lotchedwa Abame unafanizira azungu ndi dzombe. Vuto n'lakuti ophunzira pofika pamenepo amakhala ataiwala mutu 7, ndiye sazindikira kuti dzombe lija linkalosera tsoka. Tiziwatsina khutu msanga, kapena abwerere okha? Ine ndikuona kuti kuwauziratu kumapha kukoma.

Nanga mbiri ya kulowa kwa Britain pakati pa Aigbo a ku Nigeria mumaiphunzitsa poyambirira, kapena m'mutu 25, pomwe bwana DC akuganiza kuti nkhani ya Okonkwo ingakwane m'ndime imodzi ya buku limene akufuna kulemba?