Galimoto yanga yopanda denga yavumbwa usiku wonse, ndiyambire pati?

Wofunsa

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi galimoto ya m'tchire ya zitseko ziwiri, ija ya denga la tenti lochotsa. Dengalo lili kwa osoka chifukwa zipi ya zenera lakumbuyo inaduka, ndiye usiku ndimaifunditsa lona n'kumanga ndi zingwe. Loweruka kunabwera chimvula cha mphepo, lona n'kusasuka mbali imodzi, ndipo pomwe kumacha galimoto inali itavumbwa kotheratu. Madzi anadikha pansi mpaka kumiza zitsulo zimene mipando imayendapo. Ndinawatunga ndi chitini, n'kupukuta paliponse ndi matawulo.

Injini ikulira bwinobwino, magetsi akunja onse akuyaka. Koma sipika ya kumanzere yasasa mawu, hutala nthawi zina ikulira nthawi zina ayi, ndipo kagetsi ka airbag (thumba la mpweya lofufuma pangozi) pa dashibodi sikakuzima. Lero kwayambanso kafungo ka chinyontho.

Amene anandigulitsa anati galimoto zamtunduwu anazipanga kuti zizinyowa, mwakuti munthu utha kutsuka mkati ndi payipi. Kodi n'zoona? Ndingoisiya padzuwa iume yokha, kapena pali zoti ndimasule? Nanga m'tsogolomu ndizitani mvula ikandipeza panjira denga lili kunyumba? Ndimayendamo ndi ana, choncho kagetsi kaja ndi kamene kakundisowetsa tulo.

Wa Wrangler yofiira

Achimwene, musade nkhawa kwambiri. Kwezani kapeti, mupeza timalabala tozungulira totseka zibowo za pansi. Zulani, madzi otsala atuluka okha. Pa Jeep Wrangler zibowozo anaika dala, ndipo kapeti yake imachoka popanda sipanala. Ford Bronco yomwe inatuluka mu 2021, makamaka Black Diamond ndi Badlands, pansi pake ndi labala ndipo mipando ndi ya vinyl, nsalu yapulasitiki ya m'maboti. Wogulitsayo sananame. Ikani padzuwa, tsegulani zitseko, zibwerera m'malo mwake.

Amakaniko a zamagetsi

Zozula malabala n'zoona, chitani lero lomwe. Zongoisiya padzuwa ndiye ndikukana.

Chimene anachipanga kuti chizinyowa ndi pansi pa galimoto, penti yake, mwinanso nkhope za maswitchi ena. Kuseri kwa dashibodi kuli zinthu zomwezo zimene zili m'galimoto ina iliyonse. Tsegulani boneti muone mapulagi a ku injini: ali ndi kalabala kozungulira kotsekereza madzi, chifukwa wopanga amadziwa kuti kumeneko kumafika matope. Kenako suzumirani pansi pa mpando kapena kuseri kwa wailesi. Mapulagi ambiri a m'kati alibe kalabala kameneko. Madzi akalowa amakhala pakati pa timano tachitsulo ta pulagiyo, ndipo dzuwa silifikako.

Choopsa si kunyowa kokha, koma kunyowa magetsi akudutsa. Ngakhale kiyi ali m'thumba, mawaya ena amakhalabe ndi moto kuchokera ku batire. Madzi akalumikiza timano tiwiri pamene pali moto, mkuwa umadyeka mofulumira n'kusanduka wobiriwira. Ndiye mumapeza galimoto yomwe inkaoneka kuti yachira ikuyamba misala patapita miyezi: lero mawaipa akuyenda okha, mawa batire yatha usiku umodzi. Choncho choyamba masulani waya wa negetivu pa batire, ndipo musamangoiliza kuti muone ngati kagetsi kazima. Ngati wailesi yanu ndi ija yofuna nambala yachinsinsi ikathimitsidwa, ipezerenitu nambalayo.

Za hutala ndi airbag kudwalira limodzi, ine maso anga ali pa clockspring. Kuseri kwa chiwongolero kuli waya wopyapyala wokulungidwa m'kabokosi kapulasitiki, umene umamasuka ndi kukulungikanso mukamakhota. Hutala, airbag ya dalaivala ndi mabatani a pachiwongolero zonse zimadutsa mmenemo. Denga likachoka, malo amenewo amakhala poyera. Mu 2016 kampani ya Fiat Chrysler, yomwe inkapanga ma Jeep, inaitanitsa ma Wrangler a 2007 mpaka 2010 kuti akonze kachipangizo komweka, chifukwa fumbi linkalowamo pa galimoto zoyenda m'tchire zopanda denga kapena zitseko. Pomwe fumbi likulowa, madzi sangalephere. Koma n'kuthekanso kuti vuto lili pa pulagi yachikasu ya airbag ya pansi pa mpando, popeza mwati madzi anafika pamenepo.

Chonde, mawaya achikasu musawayeze ndi mita ya magetsi kapena ka babu koyezera. Mukachotsa batire dikirani mphindi 10 kapena kuposerapo musanakhudze pulagi iliyonse yachikasu, ndipo musayatse kiyi mipando ili panja.

Mayi wa Jimny

Ine ndiyankhulepo za fungo, chifukwa limenelo likukuuzani kuti nthawi ikutha. Chuku chimayamba pakangotha maola 24 mpaka 48 chinthu chili chonyowa. Kapeti pamwamba imanamiza, achimwene. Pansi pake pamakhala chinsalu chochindikala chochepetsa phokoso ndi kutentha, ndipo chimenecho chimamwa madzi moti kuchifinya mutha kudzaza ndowa. Chitulutseni panja padera, kapeti padera. Chikakhala kuti chayamba kale kuda ndi kununkha, tayani, musalimbane nacho.

Mipando ili ngati matiresi ovumbwa: pamwamba pauma, koma mukakhalapo thalauza limanyowa. Masulani mabawuti, tulutsani, muiyimike chopendekera kuti madzi atsikire kumunsi. Kanikizani tawulo louma ndi bondo mobwerezabwereza, kenako muyikire fani. Mphepo yodutsa imaumitsa siponji kuposa dzuwa lokha.

Malamba a pampando musawaiwale. Akokeni onse mpaka kumapeto, muwapane ndi chopanira zovala kuti asabwerere, aume ali otambasuka. Lamba akakulungika ali wonyowa amachita chuku, ndipo sipuling'i ya m'kati imagwira dzimbiri. Ngati pali matope, sopo wofewa ndi madzi basi. Mankhwala oyeretsera zovala amafooketsa ulusi wake. Popeza muli ndi ana, mukamaliza kokani lamba aliyense mwadzidzidzi muone ngati akugwira.

Wofunsa

Zikomo nonse, batire ndachotsa ndipo malabala ndazula, kunatulukanso madzi ambiri kuposa mmene ndimaganizira. Amakaniko, ndili ndi mafuta opopera a WD-40 pano, ndipopere m'mapulagi? Komanso wina wandiuza kuti ndigule makavala a mipando a neoprene, nsalu yonga labala, ndi wailesi ya m'boti, basi nkhani yatha.

Amakaniko a zamagetsi

WD-40 poperani pa zitsulo za mipando, mahinji ndi mabawuti, kumeneko ithandiza. M'mapulagi ayi, makamaka achikasu, chifukwa imasiya mafuta amene amakola fumbi. Masulani pulagi, muipopere contact cleaner (mankhwala otsukira mapulagi a magetsi), muiumitse ndi mphepo, ndipo muyang'ane timano ndi tochi. Ikauma bwino pakani girisi wa silikoni pang'ono m'mphepete momwe imatsekera. Hita yamoto kwambiri musaiyandikize, pulasitiki imapindika.

Wailesi ya m'boti ndi nzeru yabwino, koma werengani nambala ya IP, yosonyeza mmene imapiririra madzi. IPX5 imapirira madzi opopera, IPX7 imapirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Zambiri nambalayo ndi ya nkhope yokha, kumbuyo kumene kuli mawaya n'kosatetezedwa, ndiye madzi otsikira kuseri kwa dashibodi amaipezabe. Sipika yosasayo mwina ndi ya pepala. Ipatseni nthawi iume, ikapanda kusintha ikanipo ya pulasitiki.

Mayi wa Jimny

Makavala a neoprene amathandiza pa mvula yowaza ndi zovala zonyowa. Pa chimvula ngati chanucho madzi amalowera m'misoko ndi m'mbali, kenako kavalayo amawatsekera m'kati, mpando n'kumaola inu osadziwa. Mukagula, dziwani kuti akanyowa kwambiri muziwavula. Onetsetsaninso kuti ngati mipando yanu ili ndi airbag ya m'mbali, makavalawo ndi opangidwira zimenezo.

Mkulu wa ma Land Rover

Mng'ono wanga, anzanga anena za magetsi ndi mipando, ine ndikukumbutseni za chitsulo, chifukwa icho sichiyatsa kagetsi kalikonse. Kapeti ikachoka, yang'anani bwino pomwe mapazi amaponda, m'makona momwe zitsulo ziwiri zinalumikizidwa, ndi kuzungulira mabawuti a mipando ndi a malamba. Penti ikakhala yotupa, pansi pake dzimbiri layamba kale. Palani, pakani mankhwala a dzimbiri, pentani musanabwezere kalikonse. Muonenso tizibowo ta kunsi kwa zitseko, timatsekeka ndi dothi ndipo chitseko chimasunga madzi.

Anthu amati Land Rover sichita dzimbiri chifukwa kuyambira 1948 thupi lake ndi la aluminiyamu. Koma chesisi, khoma la pakati pa injini ndi dalaivala, ndi mafelemu a zitseko ndi chitsulo wamba. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pali chinyontho, aluminiyamuyo amadyeka n'kusanduka ufa woyera. Ndipo pa Land Rover Defender ya injini ya Td5 kompyuta ya injini ili m'bokosi la pansi pa mpando wa kumanja, batire pansi pa wa kumanzere. Ndikunena izi kuti mufufuze kuti pa galimoto yanu makompyuta anawabisa kuti, chifukwa wopanga aliyense ali ndi malo ake.

Chinanso chimene chimasokoneza achinyamata ndi nambala ya kuwoloka madzi. Amamva kuti Defender yakale imawoloka madzi akuya mamilimita 500, Wrangler masentimita 76, n'kuganiza kuti galimotoyo siopa madzi. Nambala imeneyo ikunena za madzi ochokera pansi, ndiponso kumene injini imakokera mpweya. Za madzi ogwera pa dashibodi kuchokera kumwamba siinenapo kanthu.

Wa Wrangler yofiira

Ndamva, akulu. Komabe ine mvula ikandipeza ndikuyenda sindinyowa kwenikweni, galasi lakutsogolo limaikankhira pamwamba. Ndipo malabala aja sindibwezera, ndimangosiya zibowo zili pululu.

Mkulu wa ma Land Rover

Inu a kutsogolo simunyowa, koma mphepo imazungulira n'kubwezera madziwo kumpando wakumbuyo, komwe anzathuwa amakhazika ana. Galasi limanyowanso mbali ya m'kati komwe kulibe waipa, ndiye kuthamanga kuti muthawe mvula ndi njira yogwera m'ngalande. Zibowo bwezerani galimoto ikauma. Zikakhala zotsegula zimalowetsa fumbi, utsi wa ekizozi mukaima, ndipo pa mtsinje madzi amayambira pomwepo kulowa.

Wosoka matenti

Bambo, funso lanu lomaliza silinayankhidwe bwino. Lona wamba amasasuka chifukwa mphepo imalowa kunsi, komanso madzi amadikha pakati n'kumukoka ndi kulemera kwake. Sokesani kavala wa pamwamba pokha, wochokera pa galasi lakutsogolo kufika kumbuyo kwa mipando, wokhala ndi malamba okolowekera kunsi kwa galimoto. Amapindika n'kukwana kuseri kwa mpando, ndiye mumayenda naye paliponse. Pakati muziika kamtengo kapena kachitsulo kuti pakhale chitunda madzi azitsetsereka, ndipo poimika sankhani malo opendekera pang'ono. Katenti kaja kongophimba pamutu ndi ka mthunzi chabe, mvula imalowa m'mbali.

Panopa masana musaifunditse chilichonse, mutsekera chinyontho m'kati.

Denga lanu likabwera, liikeni dzuwa likuswa, chifukwa vinyl ikazizira imakhwinyata ndipo mudzang'amba zipi yatsopanoyo pokoka. Likakhala la kanivasi ya thonje, kudontha pang'ono m'misoko yatsopano si vuto: ulusi ukanyowa umatupa n'kutseka mabowo a singano. La vinyl silitero, limafuna mankhwala omatira misoko kuchokera m'kati. Madenga ambiri amadonthera pa labala wa pamwamba pa galasi lakutsogolo ndi m'makona a zitseko, osati pakati pa nsalu. Musalitsuke ndi sopo wa ufa kapena makina opopera mwamphamvu, zimachotsa mankhwala okana madzi. Mazenera apulasitiki tsirani madzi kaye musanapukute, apo ayi fumbi liwakanda mpaka osaonanso kumbuyo. Ndipo musalipinde lili lonyowa.

Wofunsa

Ndabweranso. Chinsalu cha pansi pa kapeti ndataya. Pulagi ya pansi pa mpando wa dalaivala inali ndi madzi, ndipo dzino limodzi linali litayamba kubiriwira. Ndayeretsa monga munanenera, zonse zauma, ndabwezera mipando kenako batire. Hutala tsopano ikulira nthawi zonse, koma kagetsi ka airbag kakadali koyaka.

Amakaniko a zamagetsi

Mwachita bwino, achimwene. Galimoto zambiri zimasunga cholakwikacho m'kompyuta ngakhale vuto litatha, ndiye pafunika makina owerengera amene amafika ku airbag, osati aja owerenga za injini zokha. Muwauze akuwerengereni kaye ndi kukulemberani chimene chatuluka asanafufute, kuti mudziwe ngati ndi mpando kapena chiwongolero. Mpaka tsiku limenelo werengerani kuti airbag ndi zokokera malamba pangozi sizikugwira ntchito, choncho maulendo aatali ndi ana adikire.

Musanapite yesani ichi: injini ikulira, zungulizani chiwongolero pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kumanzere mpaka kumapeto kumanja, uku mukudina hutala. Ikadukiza pamalo ena, kapena mukamva kukwecha m'kati, clockspring yawonongeka ndipo imeneyo sitikonza, timasintha. Poika yatsopano matayala akhale owongoka ndipo kachipangizoko kakhale pakatikati, apo ayi waya wake uduka pokhota poyamba pomwe. Mukayenda, yatsani hita pamodzi ndi AC n'kulozetsa mpweya kumapazi, ziumitse chinyontho chotsalira kuseri kwa dashibodi.