Kodi wotchi ya miyala ya ku Jaipur siphonyadi kuposa masekondi awiri?

Nthanda:
Akuluakulu, ndithandizeni. Amati Samrat Yantra ya ku Jaipur, ku India, wotchi ya dzuwa yomangidwa ndi miyala ija, siphonya kuposa masekondi awiri. Omwewo amatinso nthawi zina imasiyana ndi wotchi ya pamkono ndi mphindi 40. Zoona ndi ziti? Nanga anavutikiranji kumanga chinthu chotalika mamita 27, pomwe kandodo kozika pansi nako kamaponya chithunzithunzi?

Kadamsana:
A Nthanda, zonsezo ndi zoona, koma zikunena zinthu ziwiri zosiyana.

Chimene chimaponya chithunzithunzi ndi khoma la ngodya zitatu, ndipo msana wake ndi wopendekeka madigiri pafupifupi 27, mofanana ndi latitude ya Jaipur (madigiri ake kuchokera ku Equator). Msanawo umaloza kumpoto, motsatana ndi mzere umene dziko limazungulirapo. Mbali zonse ziwiri kuli makoma okhota ngati uta okhala ndi timizere ta nthawi. M'mawa muwerenga uta wa kumadzulo, dzuwa likapendeka muwerenga wa kum'mawa.

Chimene mukuwerengacho ndi nthawi ya dzuwa ya pamalopo, si ya boma. India yonse imayendera nthawi ya longitude 82.5 (madigiri opita kum'mawa pa mapu a dziko), pomwe Jaipur ili cha pa 75.8. Digiri iliyonse ndi mphindi 4, choncho dzuwa limafika paliwombo ku Jaipur mochedwa ndi mphindi pafupifupi 27. Onjezani apo vuto la dzuwa lenilenilo. Njira ya dziko pozungulira dzuwa si yobulungira ndendende, dzikonso ndi lopendekeka, motero wotchi ya dzuwa iliyonse imatsogola ndi mphindi 16 kumayambiriro kwa Novembala, n'kutsalira ndi mphindi 14 pakati pa Febuluwale. Mu Novembala muonjezera mphindi pafupifupi 11 pa zimene mwawerenga, mu Febuluwale pafupifupi 41. Mphindi 40 zanu zija ndi zimenezo. Mwalawo sunaphonye.

Za kukula kwake, nkhani ndi ya malo olembapo timizere. Pa uta waukulu chonchi chithunzithunzi chimayenda pafupifupi milimita imodzi pa sekondi, masentimita 6 pa mphindi, mpaka kuchiona ndi maso chikukwawa. Timizere ta masekondi awiri timakwana. Pa kawotchi kokwana m'manja, mphindi yathunthu ingachepere kunenepa kwa kamzere kamodzi. Jai Singh II, mfumu ya ku Jaipur, amene anamanga malo asanu otere ku Delhi, Jaipur, Ujjain, Varanasi ndi Mathura, ankadandaula kuti zipangizo za mkuwa ndi zazing'ono ndipo zimaperepeseka pozungulira mpaka kumagwedera. Mwala sugwedera. Ya ku Jaipur inatha kumangidwa cha mu 1734.

Chisisira:
A Kadamsana mwalongosola bwino, koma za masekondi awirizo tisamangomeza. Kulemba timizere ta masekondi awiri ndi kwina, kuwerenga mpaka masekondi awiri ndi kwinanso.

Dzuwa si kadontho. Kumwambaku limatenga theka la digiri, ndiye mphepete mwa chithunzithunzi simukhala mwakuthwa, mumachita mbuu. Pa mtunda wa mamita 15 mbuuyo amatambalala masentimita pafupifupi 14, ndipo dzuwa limatenga mphindi ziwiri kudutsa kukula kwake komwe. Mukakulitsa khoma, mbuu nayenso amakula mofanana. Ukulu pawokha suthetsa kanthu apa. Odziwa amagwira kamtengo kapena kaulusi pamwamba pa timizere, n'kumakasendeza cha kumdima mpaka chithunzithunzi chake chitazimirira. Zimathandiza, koma zimadalira diso la munthu, ndipo anthu awiri sangagwirizane mpaka sekondi.

Amene anaigonjetsa nkhaniyi ndi a ku China, zaka zoposa 400 Jai Singh asanabwere. Ku Gaocheng, m'chigawo cha Henan, katswiri wa zakuthambo Guo Shoujing anamanga nsanja cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1270. Pamwamba anapingasa mtanda wopyapyala, mamita pafupifupi 9.75 kuchokera pa muyeso wa miyala umene wagona pansi kuloza kumpoto, wotalika mamita 31. Pamuyesopo ankasendeza kachitsulo ka mkuwa kobooledwa kabowo kakang'ono kwambiri. Kuwala kukadutsa pabowopo, pamwala pamaoneka kadzuwa kakang'ono ngati kanjere, mtanda uja utakadula pakati ngati katsitsi. Pamene kamzereko kagawa kadzuwa pakati ndendende, mpamene ankalemba. Mbuu uja alibenso ntchito.

China chimene anachenjera nacho ndi ichi: tsiku limene chithunzithunzi cha masana chimatalika kwambiri, mu Disembala, sungalidziwe poyeza tsiku lomwelo, chifukwa masiku amenewo utali wake umangokhala ngati waima (pamenepo chimafika mamita 15 ndi theka, pomwe mu Juni sichikwana awiri). Ankayeza masabata angapo tsikulo lisanafike, kenako litadutsa, n'kupeza masiku awiri a utali wofanana. Pakati pa masiku awiriwo ndiye tsiku lenileni limene ankalifunalo. Kalendala yawo ya mu 1281 inati chaka ndi masiku 365.2425, chiwerengero chomwecho chimene kalendala ya Papa Gregory inadzatenga mu 1582.

Mmisiri:
Ndionjezeko mbali ya kamangidwe, poti ambiri amaiiwala. Chipangizo cha mwala chikapotoka, chapotoka basi, palibe bawuti yomanga kapena kumasula.

Choyamba ndi levulo. Muyeso wa ku Gaocheng uli ndi tingalande tiwiri tosemedwa m'miyala, tothiramo madzi kuti aone ngati mbali ina yatsika. Chachiwiri ndi mzere wa kumpoto, ndipo kampasi ya maginito siithandiza chifukwa siloza kumpoto kwenikweni. Njira yakale ndi kuzika ndodo yoongoka pamalo osalaza, kujambula bwalo moizungulira, n'kuika chizindikiro pamene nsonga ya chithunzithunzi yakhudza bwalolo m'mawa, ndiponso madzulo. Mzere wolumikiza zizindikiro ziwirizo ndi wa kum'mawa ndi kumadzulo, wodula pakati pake ndi wa kumpoto. Chachitatu ndi maziko. Khoma lolemera limatitimira pang'onopang'ono, pulasitala amasuka, okonza amadzalembanso timizere, ndipo pa uta wa ku Jaipur kusuntha kwa sentimita imodzi ndi masekondi pafupifupi 10.

N'chifukwa chake Ulugh Beg, wolamulira wa ku Samarkand (lero ndi ku Uzbekistan), m'zaka za m'ma 1420, anakumba ngalande m'thanthwe la phiri n'kuyala m'menemo gawo la uta wake woyezera zakuthambo. Utawo unali wa mamita 40 kuchokera pakati, moti digiri imodzi inkatenga masentimita 70. Nyumba ya pamwamba inagumulidwa iye ataphedwa mu 1449, koma gawo la m'thanthwe linapezeka lili chikhalire pamene Vyatkin, wofukula zakale wa ku Russia, analifukula mu 1908.

Nthanda:
Zikomo nonse, ndamva. Nanga masiku ano zimagwirabe ntchito?

Kadamsana:
Ya ku Jaipur imagwira, bola kukhale kopanda mitambo ndipo muonjezere mphindi za tsikulo. Ya ku Delhi, ya mu 1724, yazingidwa ndi nyumba zitalizitali zimene zimatchinga thambo. Kunena mosabisa, ngakhale pomangidwa zinali zitatsalira kale, poti Galileo analoza telesikopu kumwamba mu 1609. Ngati mukufuna kuyesa nokha njira ya Guo Shoujing, boolani kapepala kolimba ndi singano, mangani kandodo kopyapyala mopingasa pamwamba pa mtengo wa mamita atatu, ndipo masana musendeze kapepalako m'chithunzithunzi cha kandodoko, pafupifupi theka la mita kuchokera pa pepala loyera loyalidwa pansi.